Kutisiya kwa a Mawaya ndi Pempho Lathu kwa Otsala

Kwa mayi a pakhomo, ana, abale ndi onse okonda nyimbo,

Ife a Bungwe la Opeka Nyimbo za Pamakina talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wakuti mnzathu, amene tonse tinkawatcha a Mawaya, anatisiya Lachiwiri m'mawa atagwa m'chipinda chawo chojambulira nyimbo, mahedifoni ali kumutu, makina akulirabe.

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, malemuwa ankayenda ndi maikolofoni m'malo amene oimba ena sapondako. Ankajambula kulira kwa chigayo, kuthetheka kwa moto wa owotcherera zitsulo ndi kugogoda kwa makina osokera, n'kumazilumikiza pakompyuta mpaka zitasanduka nyimbo. Anatulutsa zimbale zisanu ndi ziwiri ndipo ambiri a ife tinaphunzira m'manja mwawo, koma mawailesi sankaulutsa ntchito yawo. Mkulu wina wa wailesi anawabwezera chimbale akuti, "Bambo, ichi chinawonongeka, chikungolira ngati jenereta." Iwo anaseka nati, "Ndi jenereta kumene, achimwene. Makutu anu ali bwino."

Sitibisa mawu, imfayi yatipeza pa nthawi yoipa. Holo yokhayo imene inkatilola kuimba yagulitsidwa, sitolo imene inkasunga zimbale zathu tsopano ikugulitsa mafoni, ndipo mwa anthu makumi anayi amene tinayambitsa bungweli tatsala khumi ndi mmodzi. Tsiku lomaliza limene malemuwa anaimba pagulu, kunabwera anthu asanu ndi anayi okha, ndipo atatu anatuluka nyimbo yachiwiri isanathe.

Koma chimene chatiopsa kwambiri ndi ichi. Thupi lisanatuluke ku nyumba ya chisoni, anthu a kampani ina yotsatsa malonda, omwe anakhala akuwakana malemuwa zaka zonsezi, anali atafika kale pakhomo ndi mapepala, akufunsa kumene kuli makompyuta. Mwezi wathawu a Mawaya anatiuza pa msonkhano kuti, "Ndikadzangotseka maso, mudzaona, phokoso langali lidzapeza ogula." Tinaseka. Lero palibe akuseka.

Mayi, tikukupemphani modzichepetsa kuti musasaine pepala lililonse misozi ikadali m'maso. Chipinda chija chikhale chokhoma, makiyi akhale m'manja mwanu, chifukwa muli nyimbo zambiri zimene dziko silinazimve, ndipo zikangotuluka molakwika zidzadulidwa zidutswazidutswa n'kumalira kumbuyo kwa malonda a sopo, dzina la mwini wake osatchulidwa.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupepesa kwa inu mayi, kwa ana ndi kwa abale onse, ndipo ndikupempha Mulungu kuti akulimbitseni mtima, pakuti masiku akubwerawa ndi ovuta kuposa a maliro. Anthu a mapepala aja anena kuti abweranso Lolemba m'mawa. Ife tidzakhala titafika kale pakhomopo.

Mzimu wa a Mawaya uuse mumtendere.

Wapampando
Bungwe la Opeka Nyimbo za Pamakina