Mathero a Mizere Yanu Andichititsa Manyazi

Achimwene,

Kodi pulogalamu ya pakompyuta yolembera malipoti a ana asukuluyi munaiyesa musanatumize? Moni ndithu. Kuno ku Malomo tili bwino, mayi chifuwa chija chatha.

Dzulo ndinakwera phiri kukasaka netiweki, ndinatsitsa mafayilo anu. Nditawaika pa kompyuta, kompaila, pulogalamu ija yomasulira mafayilo kuti kompyuta iwamve, inangolavula machenjezo okhaokha, ati mizere yonse ya m'mafayilomo ikuthera ndi zizindikiro za makompyuta a Windows, pomwe kompyuta yasukuluyi ndi ya mtundu wina, wa Linux. Cholakwika chenicheni, chomwe chikusokoneza magiredi a ana, chakwiririka m'phokosomo. Ahedi anaima kumbuyo kwanga nati, "Aphunzitsi, malipoti aja ndi amenewa?" Ndinasowa pothawira.

Makolo a ana akubwera Lachisanu kudzatenga malipoti. Ndikakonza ndekha, inu mukangokhudza zibwereranso. Sinthani mathero a mizere pa kompyuta yanuyo, mutumizenso lisanafike Lachitatu. Mulungu akusungeni ku Joniko, koma konzani.

Ine mng'ono wanu,
Yohane