Ogonja Aja Achinya a Moatize

Mdzukulu wanga Zakeyu,

Ndikhulupirira uli bwino ku Beira. Kuno ku Zóbuè tili bwino, bondo lokha ndilo likundivuta.

Paja chaka chatha anyamata a sukulu yathu anachita manyazi pampira ku Moatize. Aphunzitsi anafuna kuwachotsa onse mutimu, ndi mng'ono wako Tomé yemwe, wapagolo. Ndinawalondola kusukulu. Ndinati, "Aphunzitsi, ng'ombe yopunthwa polima mumaigulitsa? Ndiyo yadziwa pali chitsa." Anawasiya monyinyirika.

Loweruka a Moatize anabwera pa chapa, minibasi ija, akuimba. Ogonja omwe aja anawachinya ziwiri, Tomé osalola ngakhale chimodzi. Pobwerera, chapa yonse inali zii. Tsopano aphunzitsi akuti nzeruzo zinali zawo. Ndangowayang'ana, iwo n'kuyang'ana pansi.

Tumiza nsapato za mpira za Tomé, zakezo zala zili panja. Mulungu akusunge.

Ndine agogo ako,
Nasitaziya