Mchombo wa mwana watsala m'munda wa eni

Amayi okondedwa,

Muli bwanji kumeneko ku Phalombe? Ife tinafika bwino kuno kwa Kaomba, kungoti mkamwini wanu akutsokomola ndi fumbi la m'chigafa cha fodya.

Mchombo wa mwana unagwa Lachiwiri. Ndinaima nawo pakhomo osadziwa kokaukwirira, poti nyumba, mitengo, ngakhale dzala, zonse ndi za mwini esiteti. Mayi wina, tenanti mnzathu, anandiuza kuti, "Kumbani m'mphepete mwa munda, mama, tonsefe tinatero." Ndinakumba ndikulira. Fodya akadzatha tidzachoka, khasu la wina lidzadutsa pamenepo.

Chonde titumizireni dzina, mpaka pano tikungomuti Khanda. Mulungu akusungeni, muzitipempherera. Nanga akadzakula n'kundifunsa kwawo, ndidzamulozera kuti, amayi?

Ine mwana wanu,
Esinati