Phulusa la a Brian

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine kuno kwa azungu ku Middlesbrough ndilipo, kungoti mutu sukuyenda bwino, ndiye ndati ndikuuzeni inu, paja munkati nkhani ikagona m'mimba imatupitsa.

Ndiyambe ndi za kumudzi, ngakhale mwina inu mumaziona bwino kuposa ine womvera pa foni. Mng'ono wanga Chisomo wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Pachithunzi chipumi n'chanu chomwe. Chimanga cha kudimba chinachita bwino, koma cha kumunda wa kumtunda ayi, achimwene anathira feteleza mochedwa. Mbuzi yanu yoyera ija sinasiye kulowa m'minda ya anthu. A malume akaimba foni salephera kundikumbutsa kuti mwa ana anu onse, ine ndekha ndi amene sindinabwere pa maliro.

Sakunama. Maliro anu ndinawaonera pa foni nditakhala pabedi, netiweki ikuduladula. Bokosi likutsika chithunzi chinaima, pamene chimabwerera anthu anali akubalalika. Kuchokera tsiku limenelo sindinalirepo, Amayi. Ndinayesa kutchalitchi, ndinayesa ndili ndekha m'bafa, misozi osabwera. Ndinayamba kuopa kuti mwina kuzizira kwa kuno kwandiumitsa mtima, kapena ndine mwana woipa basi.

Sukulu ikuyenda. Pakati pa sabata ndimakhala ku laibulale kulemba za kafukufuku wanga, masiku ena ndimakagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Chondivuta ndi Loweruka. Anzanga a m'kalasi amandifunsa kuti wikendi ndichita chiyani, ngati kupuma nako kumafuna kukonzekera. Iwowo kupuma kwawo n'kuvala nsapato zolemera, kukwera phiri mvula ili pamsana, kukadya buledi pamwamba, n'kutsikanso. Osakatola nkhuni, osakaona munthu. Inu mukanafunsa kuti kodi ataya mbuzi?

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala agogo awiri, a Brian ndi akazi awo a Maureen. Nawonso anali a zokwera mapiri zomwezo. A Brian ankandipatsa moni pampanda, n'kumandiseka kuti ndimavala majuzi awiri dzuwa likuwala. Mwezi watha ndinaona ambulansi pakhomo pawo, mawa lake ndinamva kuti atisiya.

Inu munkati maliro n'kulirana, ndipo a pafupi sadikira uthenga. Ndiye ndinamanga chitenje pamwamba pa jinzi, mpango kumutu, ndinanyamula shuga ndi mpunga, n'kukagogoda. A Maureen atatsegula ndinangolowa, kuvula nsapato, kukhala pansi pa kapeti nditatambalala, mutu wozolika. Amayi, m'nyumbamo munalibe munthu! Nyimbo panalibe, moto panja panalibe, ngakhale wachibale mmodzi. Mayiwo anandiyang'ana kanthawi, n'kundifunsa ngati ndadwala kapena ndataya kiyi. Kenako namfedwa yemweyo anapita kukhitchini kukandipangira tiyi. Ndinakhala masana onse, ine osadziwa kuti ndituluke bwanji, iwo osadziwa kuti andichotse bwanji.

Nditafotokozera mayi wina wa kutchalitchi, nesi amene wakhalitsa kuno, anaseka mpaka kugwira nthiti. Akuti kuno umangoponya khadi pachitseko, ukafuna uwonjezere maluwa, basi. Safunsa anadya phula, ine ndinadya phula lenileni.

Ndinayamba kuwazemba a Maureen chifukwa cha manyazi. Koma sabata yathayi anagogoda okha, akuti Loweruka ndiwaperekeze kuphiri, poti mwana wawo ali ku Australia ndipo mawondo awo salola kukwera okha. Ndinavomera, kuganiza kuti n'kokayenda chabe. Tinakwera basi mpaka kunja kwa tauni, kenako wapansi. Chikwama chawo ndinawalandira ine, paja wamkulu sasenza mwana alipo, ndipo ndinadabwa kuti chikulemera chonchi muli chiyani. Titafika pamwamba anatsegula n'kutulutsa chitini chobiriwira. Amayi, a Brian anali m'menemo. Anawawotcha, ndipo ine ndinawabereka kumsana phiri lonse osadziwa.

Kwathu mkazi sanyamula maliro, nanga awa ndi maliro kapena chiyani? Mbusa panalibe, manda panalibe, ife awiri basi ndi nkhosa za eni zikudya msipu. A Maureen anati amuna awo ankakonda malo amenewo, ndiye awamwaza pomwepo. Anayamba okha, mphepo n'kumatenga. Kenako ananditembenukira, akuti mwa anthu onse a mumsewu wathu, amene anabwera kudzakhala nawo ndi ine ndekha, ndiye nanenso nditapeko. Ndinafuna kukana, koma namfedwa umamukana bwanji? Ndinatapa. Silili ngati phulusa la pamoto ayi, n'lokhakhala ngati mchenga.

Nditangotambasula dzanja, china chake chinaduka pachifuwa panga. Ndinalira, Amayi. Osati kulira kwa kuno kopukuta ndi tishu, koma kwa kwathu, manja kunkhongo, kukuitanani inu, mayi wanga ine, mwandisiyira yani. Anthu oyenda ndi agalu anaima, galu wina anayamba kuuwa. A Maureen anataya ndodo yawo n'kundikumbatira, akundisisita kumsana, n'kumati sankadziwa kuti a Brian ndinkawakonda chonchi. Sindinawauze zoona. Ndikanayambira pati?

Ndiye zimene zandisokoneza n'zimenezi. Misozi imene ndakhala ndikuisakasaka chichokereni inu, ndakaikhuthula pa maliro a mzungu, paphiri la eni. Kodi imawerengedwa? Kodi ndakulirani inu, kapena ndalira a Brian? Mwina mwakwiya kumene, mwina mukuseka mutagwira pakamwa monga munkachitira ndikapusa. A malume sindingawafunse, anganene kuti sukulu yandizunguza mutu. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsopano ndikugona tulo, ndipo ndikamva nyimbo ya kwaya ya amayi imene munkaikonda, ndikumalira bwinobwino ngati munthu.

Loweruka likubwerali a Maureen akuti tikwerenso, andipezera kale nsapato zolemera zija. Ndavomera, ngakhale mpaka pano sindikudziwa chimene anthu amakafuna pamwamba paja. Ndikulonjeza kuti tikakafika ndikawauza za inu, dzina lanu, kwanu, ndi amene ndinkamulira tsiku lija. Inunso kumeneko mukakumana ndi bambo wamtali wa ndevu zoyera, wokonda kuseka majuzi a anthu, mupatseni moni. Ngati misozi ija inasochera n'kufikira kwa iye, muuzeni kuti ndi yanu. Akupatsani, ndi munthu wabwino.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike