Amayi aikira kumbuyo akadzidzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutsidya kwa nyanjako. Kuno tonse tili bwino, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Achimwene, nkhani ilipo! Paja munatitumizira vidiyo ya anthu akumeneko akukana makina opanga magetsi ndi mphepo m'nyanja, poopa kuti asokoneza anangumi. Zafika kuno! Lachiwiri kunabwera a kampani ina, akufuna kuimika makina otero paphiri lathu lija. Pamsonkhano wa m'mudzi titafunsa za mbalame, mkulu wawo anaseka: "Musadandaule, zofa ndi mileme ndi akadzidzi basi." Ankayesa kuti tiwomba m'manja, poti kadzidzi timamuthamangitsa ndi chikuni chamoto.

Amayi anangoti nyamu! "Bambo, kadzidzi sindimufuna padenga panga, koma kumunda ndi mlonda wanga. Akafa, mbewa zotha kachewere wanga mudzagwira ndinu?" Anthu anasekeratu, nthungululu kuti lululu! Akwaya ndi agule, amene sapatsana moni bwinobwino, anavomera pamodzi. Alendowo anangoti akaganizanso.

Chonde tumizani vidiyo ina, msonkhano wina ukubwera. Amayi akuti muwauze oteteza anangumiwo kuti alimbe mtima. Nafenso akadzidzi athu tawaikira kumbuyo, koma akalira padenga, chikuni tiponyabe.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati