Si Magazi, Amayi, Ndi Oyilo wa Giya

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Golomoti tilipo. Mpunga wa ku Bwanje tamweta, ngakhale mbalame zinatidyera ndime ya kumunsi. Esnati wanu, mng'ono wanga uja, wachira dzana, mwana wamkazi. Koma mmene wabadwira mwanayo, ine mpaka pano mtima ukundiwawa, ndiye mundilole ndikudandaulireni.

Nkhani ndi ya galimoto yanu ija ya otomatiki. Chiikireni maliro anu, kiyi anatenga ndi amalume, ati asunge mpaka tidzamange chiliza. Mwezi watha pansi pake panayamba kuoneka madontho ofiira. Amalume atawaona anavula chipewa, ati galimoto ikukha magazi, inu mlongo wawo mwakwiya poti chiliza chachedwa. Ndinagwada, ndinakhudza ndi chala, ndinawanunkhiza. Ndinawauza kuti ameneyu ndi oyilo wa giya, amakhala wofiira chomwechi, kapaipi kakudontha. Ee, ndinaziyamba dala! Ati ndine wamwano, ndikufuna kuphunzitsa akuluakulu za mizimu. Makaniko wa ku Mtakataka osamuitana, boneti osatsegula, tingapute malemu. M'malo mwake anawaza ufa pa matayala onse.

Inu amayi, kukwiya kwanu timakudziwa. Munkabisa liti? Munkalalata pomwepo mpaka nkhuku kubalalika. Ndiye lero muziyankhula m'madontho?

Ndimakukumbukirani m'mawa wa ulendo, galimoto ili pamalo osatsetsereka, inu mukusolola kawaya koyezera oyilo wa injini, kukapukuta ndi kansanza ka chitenje chobiriwira, kukabwezera, kukasololanso. Wa giya munkamuyeza injini itatentha, ikulira. Ife tikamakufulumizani munkati, "Tayambani mwayang'ana oyilo, kupemphera tipemphera m'njira."

Dzana masana Esnati matenda anamuyamba. Apo ndiye amalume kiyi anapereka msangamsanga. Ndinayeza, kawaya kanatuluka konyowa kunsonga kokha. Nanga oyilo wa giya ndikanamupeza kuti pamudzi pano, munthu akubuula kumbuyo? Ndinangouyatsa wa kuchipatala cha ku Mua. Titayamba chitunda, injini inangoyamba kulira pachabe, galimoto osasuntha. Ndipondenso, ayi ndithu, kafungo kopserera kokha. Esnati anachirira pomwepo pampando wakumbuyo, amayi awiri ochokera kunkhuni atatchinga mazenera ndi zitenje zawo. Mwana anachedwa kulira, amayi. Ine ndinangokhala pansi m'fumbi. Kenaka mwanayo analira. Galimoto ina yodutsa ndi imene inawafikitsa kuchipatala, ndipo onse ali bwino.

Mukudziwa zimene amalume akuuza anthu pano? Ati munaimitsa galimotoyo ndinu, kuti mdzukulu abadwire pampando wanu. Akufuna kufulula mowa wothokoza! Ine ndatopa nawo, amayi. Ndikanataya mng'ono wanga chifukwa cha kapaipi.

Kiyi sindinabweze. Ndayikulunga m'kansanza kanu kaja, ndamanga m'chiuno. Mawa makaniko akubwera, amalume afune asafune. Mwana tamutcha dzina lanu, ndipo kakhosi kake nkanu komwe.

Chiliza timanga, musade nkhawa. Ndikulonjeza kuti simenti yake idzabwera pa galimoto yanu yomweyi, ndipo tisananyamuke ndidzayamba ndayang'ana oyilo. Amalume adzapemphera m'njira.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike