Seguru ya munthu mmodzi

Okondedwa achemwali a Quitéria,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Itepela pamodzi ndi alamu, ndipo fodya akuuma bwino. Kuno ku Cuamba ndiliko. Sitima imalirabe m'mawa, koma chimwalirire amuna anga ndilibe woti ndimudzutse.

Seguru ya kuntchito kwawo kunjanji, imene inkatilipirira kuchipatala, inathera pa maliro awo. Lachiwiri ndinapita kukasankha yangayanga. Mtsikana wa mu ofesimo anandionetsa mitundu itatu: wina wa mankhwala okha, wina wogonera m'chipatala, wina wokafikitsa munthu ku Nampula akafunika kung'ambidwa. Ndinatenga wa ku Nampulawo. Musadandaule, madokotala amangokonda kuopseza anthu.

Kenaka ndinamufunsa kuti, "Nanga wokhala ndi wodikirira wodwala ndi uti? Woti azigona pansi pambali pa bedi, azinditembenuza, azindiphikira phala?"

Anaseka, koma atandiyang'ana analeka. Anati, "Mayi, ameneyo mumabwera naye nokha."

Sikuti ndikukuitanani ayi, ntchito ya fodya ndikuidziwa. Ndangogula mphasa yatsopano, yokwana msinkhu wanu. Ndaiimika kuseri kwa chitseko, sindinaiyale.

Mundiperekere moni kwa ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
Anastaziya